Funsani Anti: Bwanji zingwe zanga sizisalala ngati za anzanga?

Mwezi uno makalata ambiri abwera ndi a tsitsi, makamaka zingwe ndi mizere, kaya ndi chifukwa cha maukwati achulukawa kaya. Ndasankhapo asanu okha, enanu musakwiye tikumana mwezi wa mawa.

Anti, ine ndatopa. Ndimalukitsa zingwe pa saluni ina yake kuno kwathu, tsiku loyamba zimakhala bho mpaka ndimajambulitsa kuika pa status, koma sabata isanathe timatsitsi tayamba kale kutuluka m'zingwemo, mutu wonse nyankhalala ngati ndakhala nazo miyezi iwiri. Mnzanga wa kuntchito amalukitsa kwa munthu yemweyo, mesh yomweyo, koma zake zimatha mwezi zili see. Tsitsi langa ndi la natural, lolimba. Vuto ndi woluka kapena ndine? Mtsikana wa ku Chilomoni, Blantyre

Mwanawe, woluka uja tiyambe tamusiya kaye, ndikufunse iweyo, ku saluniko umapita mutu uli bwanji? Chifukwa ambiri timadziwana, umamasula zingwe zakale usiku uku ukuonera filimu, m'mawa wangovala duku wakakhala pampando kuti andiluke. Tsitsi lathuli ndi lopotanapotana, likauma limakhwinyata, nde ukalilukira mu mesh lili choncho limakhala ngati sipuling'i yoipanikiza, pakangopita masiku ochepa limayamba kubwerera mwakale ndipo nsonga zake ndi zomwe ukuziona zikusuzumira panjazo. Kusalala kwa zingwe kumayambira kunyumba dzulo lake.

Ukamasula, upese kaye tsitsi lisanakhudze madzi. Munthu aliyense tsitsi limathothoka pakati pa 50 ndi 100 patsiku, ndipo ukakhala ndi zingwe lothothokalo silipita kulikonse, limangounjikana patsinde limodzi ndi mafuta ndi fumbi. Ukalinyowetsa usanalichotse limamangana mfundo zoti mapeto ake ndi sizasi basi. Ukatha apo chapa ndi shampu, paka kondishona, upese ndi chipeso cha mano akuluakulu kuyambira kunsonga kumatsika kutsinde, osati kuyambira patsinde kumazula ngati ukupalira. Kenako liwongole. Ngati uli ndi dryer bulowa ndi moto wochepa, ngati magetsi azima kapena ulibe, manga ndi ulusi ngati mmene ankatimangira amayi athu kale, ugone nalo, m'mawa ukamasula ulipeza latalika lawongoka bwinobwino popanda kuliwotcha. Ine mpaka lero ndimakonda ulusi kuposa dryer. Ndipo nsonga zong'ambika zija uzidulitse pang'ono, ndi zomwe zimayambirira kutuluka.

Mafuta paka ochepa. Ena amabwera mutu uli noninoni ndi Vaseline kuganiza kuti akumuthandiza woluka, chonsecho tsitsi limangoterera m'manja ndipo mesh imapulumuka patsinde.

Tsopano nkhani ya usiku, apa ndi pomwe ndikuganiza kuti mnzako uja amakuposera. Umagona utamanga chani? Ngati ndi duku la chitenje, kapena sumanga n'komwe umangodziponya pa pilo, dziwa kuti nsalu ya thonje imakhula zingwe usiku wonse ukamatembenuka komanso imamwa mafuta onse a m'tsitsi. Peza ka nsalu ka satini koterera kaja, sikuti mpaka ugule chipewa chodula cha m'shopu ayi, theka la mita kwa ogulitsa nsalu likukwanira, olo sikafu yoterera ya pa kaunjika. Uzimanga tsiku ndi tsiku, olo wabwera wotopa bwanji. Ndipo ngati umakwera njinga za kabaza zija, yamba wamanga kansaluko usanavale helemeti, chifukwa kuvala ndi kuvula kuja kumatukula timatsitsi ta pamwamba.

Zomwe uli nazo panozo usamasule. Gula mousse, mankhwala a thovu aja, upake kutsata mmene zingwe zagonera kuchokera kumutu kumatsika, umange nsalu ya satini mothina pang'ono kwa mphindi 20 kapena mpaka ziume, ukamasula uona timatsitsi tagona. Koma ma spray okhala ndi glisalini wambiri uchepetse masiku a chiperoni ndi nthawi ya mvula, glisalini amakoka chinyezi cha mumpweya nde tsitsi la natural limafufuma mkati mwa chingwe momwemo.

China chomaliza, mtundu wa mesh. Ngati tsitsi lako ndi lakuda bii koma umasankha nambala 27 kapena 613 zoyererazo, katsitsi kalikonse kotuluka kazioneka patali. Nambala 1B kapena 2 imabisa zambiri.

Anti ndikuphunzira kuluka, ndimalukira pakhonde pakhomo pompano. Makasitomala akumadandaula kuti zingwe zanga zimakhala zamabampu, pena zonenepa pena zoonda, komanso kunsonga zimamasuka. Asisi ena anandiuza kuti ndizizipsereza ndi kandulo. Ndithandizeni ndisathawitse anthu. Mayi wa ku Area 25, Lilongwe

Achemwali, mwachita bwino kufunsa, ena amangoti kasitomala ndi wovuta.

Mabampu amabwera chifukwa timagawo titatu tija m'manja mwanu sitikufanana. Mukayamba kuluka kamodzi kali konenepa tiwiri toonda, chingwe chimapotoka ndipo chimatupa mbali imodzi. Mukaona kamodzi kayamba kuonda pakati panjira, bwerekani pang'ono kwa kanzake, mupitirize. Ndipo mesh muzigawiratu musanayambe, timagawo tofanana muyale pamsana pa mpando kapena pa chingwe choyanikira, osati kumatapa pa mtolo uku mukuluka uku mukucheza, chifukwa dzanja likatopa limayamba kutapa yambiri kuti muthe msanga, nde mupeza kumbuyo zingwe zazing'ono pakati pamutu zikuluzikulu ngati zomangira mbuzi.

Mizere idulidwe ndi chipeso cha mchira chija, mzere umodzi muudutse kawiri katatu mpaka khungu lioneke mbee, mupake jelo pang'ono m'mbali mwa mzerewo kuti timatsitsi tating'ono tigone mbali yake, tsitsi lina lonse mulimange kutali lisalowerere. Munthu akamati zingwe izi ndi zaudongo, kawirikawiri chomwe diso lake laona ndi mizereyo. Poluka, tsitsi la munthuyo muzilibisa kunsi kwa mesh, mesh ikhale pamwamba ngati bulangete, ndipo mukapingasa katatu kanayi muzitsetsereza zala mpaka kunsonga kuti zisakolane kumunsi. Pomwe tsitsi la mwiniwake likuthera, gwirani ndi kajelo pachala, pamenepo ndi pomwe pamatulukira timinga.

Za kunsonga. Mesh ikachoka mu paketi imakhala yodulidwa mofanana ngati tsache latsopano, mukailuka choncho imathera mwadzidzidzi ndipo imamasuka. Muziikoka kaye pang'onopang'ono kunsongako kuti ithere mosongoka, kenako muipese, kapena mugule yokokakoka kale ija amalemba kuti pre-stretched. Mukamaliza mutu wonse viikani nsonga m'madzi otentha. Mesh zambiri zolukira zingwe ndi za ulusi wa Kanekalon, wopangidwa ndi kampani ya Kaneka ya ku Japan, kapena wofanana nawo, ndipo ulusi umenewu ukamva madzi otentha umafewa n'kugwira mmene mwauikiramo. Koma si mesh iliyonse imatero, nde yesani kaye kachidutswa mu kapu musanayambe kuluka. Poviika kasitomala akhale pansi, thaulo lokhuthala paphewa, mutu aweramitsire kumbuyo, madzi akhale mu jagi osati kuthira kuchokera mu ketulo, masekondi 15 kapena 20 akwana, mutulutsire mu thaulo louma n'kumafinya motsitsa. Ana atalikire, pakhonde pamakhala pothamangathamanga.

Kandulo ayi. Ndikudziwa anthu amachita ndipo zimaoneka zosalala tsiku limenelo, koma lawi silisankha kuti iyi ndi mesh ili ndi tsitsi la munthu, limapsereza zonse, ndipo mesh yosungunuka imauma n'kukhala timinga tokanda pakhosi ndi kukola majuzi. Ndinaonapo mtsikana wina tili pa mzere wodikira, mbali yonse ya kukhutu inachita kuti phuu, fungo lake saluni yonse. Sizasi nayo musamale nayo, dulani timaulusi ta mesh kumunsi komwe tsitsi la munthu silinafike, kumtunda mukadula mukumumeta kasitomala osadziwa, adzazindikira tsiku lomasula.

Anti, amene amandiluka amakoka kwambiri moti masiku atatu oyamba sindigona, ndimachita kumwa Panado, ndipo kumbuyo kwa khosi kumatuluka tiziphuphu. Ndikadandaula amati ukafuna zosalala upirire, zofewa sizikhalitsa. Pano ndaona kuti tsitsi la kutsogolo layamba kubwerera m'mbuyo, chipumi chikukula. Nditani? Wowerenga wa ku Mzuzu

Mphwanga, apa nde ndikalipa. Akukunamiza. Kuthina ndi kusalala ndi zinthu ziwiri zosiyana, woluka wodziwa ntchito amalimbitsa chingwecho pachokha koma patsinde amasiya mpata woti munthu akweze nsidze, aseke, aweramitse mutu osamva ngati khungu likung'ambika. Amene amakoka mpaka maso kuchita kupendekeka nthawi zambiri akubisa kuti kugwira tsitsi lalifupi sakutha.

Tiziphuphu timeneto ndi khungu likukuuza kuti mizu ya tsitsi ikuvulala. Madokotala a khungu vutoli amalitcha traction alopecia, kuthothoka kwa tsitsi chifukwa chokokedwa, ndipo limayambira malo omwewo wanenawo, pachipumi ndi m'mbali mwa makutu, chifukwa tsitsi la pamenepo ndi lofewa kale. Ukasiya msanga limameranso. Ukapitiriza zaka ndi zaka mizu imafa, pamakhala dazi losalala loti olo upake mafuta a nsatsi botolo lonse sipameranso kanthu. Tayang'ana azimayi angati mu minibasi amene duku kapena wigi imayambira pakati pamutu.

Zomwe uli nazo panozo, ngati zikupwetekabe, masula mizere ya kutsogolo ndi ya kukhosi lero lomwe, ndalama unalipirazo zisakupweteketse. Upumitse mutu milungu ingapo. Ukadzalukitsanso uuze woluka asiye timatsitsi ta m'mphepete, asatikakamize kulowa mu chingwe, utha kumatigoneka wekha ndi kajelo ndi mswachi wakale. Yesa zingwe za knotless, zomwe amayamba ndi tsitsi lako lenileni n'kumawonjezera mesh pang'onopang'ono, patsinde sipakhala mfundo nde zimagona bwino pamutu komanso sizilemera, kungoti zimatenga nthawi yaitali pampando ndipo ambiri amatchaja mokwererapo. Usamazimangenso m'mwamba mothina tsiku lililonse. Ndipo ngati unaika relaxer, mankhwala owongola tsitsi aja, padutse milungu iwiri usanalukitse. Tiziphuphuto tikayamba mafinya kapena pakatha miyezi osamera, pita kuchipatala akakuone. Wolukayo akakanabe kumva, oluka ku Mzuzu ndi ambiri.

Anti zingwe zanga zimayabwa koopsa kuyambira tsiku lachiwiri, ndipo patsinde pamachita zoyerayera ngati ufa. Ndimapaka jelo m'mawa uliwonse kuti zizioneka zatsopano. Ndi mfundu? Mtsikana wa pa koleji, Zomba

Mwina ndi mfundu koma ine ndikukayikira jeloyo. Ukamapaka pamwamba pa wadzulo, wadzana, osachapa, amauma n'kumafundukuka, kuphatikiza fumbi ndi thukuta la mu Okutobala, kunja zikuwala mkati muli zina, chikomekome cha mkuyu chija. Zingwe zimachapidwa mwanawe. Pakatha milungu iwiri iliyonse sungunula shampu pang'ono m'madzi mu kabotolo, uthire m'mizere, usisite khungu ndi nsonga za zala osati zikhadabo, zingwezo usazifikise ngati ukuchapa jinzi, ungosiya thovu litsike lokha. Utsukuluze bwino, ufinye ndi thaulo, uumitse mpaka mkati chifukwa zingwe zogona ndi chinyezi zimanunkha chuku. Kenako mousse ndi kansalu kaja ndamuuza mnzako wa ku Chilomoni.

Koma poti wati kuyabwa kumayamba tsiku lachiwiri, mesh nayo ikhoza kukhala ndi mlandu. Imabwera ndi mankhwala ena pamwamba ochokera ku fakitale omwe khungu la anthu ena limadana nawo. Ulendo wina usanapite kolukitsa, iviike mu beseni, kapu imodzi ya viniga makapu atatu a madzi ofunda, mphindi 20, usachotse kalabala komangira kaja kuti isasokonekere. Uona zoyera zikuyandama pamwamba. Utsukuluze, uyanike iume. Ndipo zokanda ndi cholembera mu kalasi usiye, ndi zomwe zikutukula tsitsi patsindepo.

Anti ukwati wa achimwene anga uli kumapeto kwa mwezi wa mawa ndipo ndili pa mzere wa operekeza. Zingwe ndili nazozi zatha milungu isanu, zikafika? Wowerenga wa ku Mangochi

Sizikafika asisi kkkk. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, nde pofika tsikulo patsinde padzakhala patakwera moti zingwe zizidzangolendewera, ndipo zingwe siziyenera kupitirira milungu 6 mpaka 8 pamutu. Bola ukanakhala sabata ya mawa, ndikanati mungomasula mizere iwiri ya kutsogolo ndi ya pakati pomwe mumagawira, alukenso imeneyo yokha, pa chithunzi palibe angadziwe. Koma apa masulani zikakwana milungu 7, mutu upume, mudzalukitse kutatsala masiku anayi kapena asanu kuti zidzakhale zitafewa pofika tsiku lovina. Ndipo ndi kutentha kwa ku Mangochiko musakachite zofika m'chiuno, mukakomoka pa perekaniperekani.