Giya ikalimba pochotsa pa P m'mawa

Funso: Amisiri, ndili ndi galimoto ya otomatiki. Pakhomo pomwe ndimaimika mpotsetsereka pang'ono. Ndikafika ndimaika pa P, kuzimitsa injini, basi. Handibuleki sindikoka, chifukwa amene anandiphunzitsa kuyendetsa anati pa otomatiki ilibe ntchito. Masiku ano m'mawa ndikamachotsa pa P giya imalimba, kenako pansi pamamveka kuti gu! Kodi giyabokisi yayamba kufa? Chinanso, bambo akunyumba amaponda moto kawiri asanazimitse injini, akuti batire lidzaze. Zoona zimenezi?

Yankho: Mayi, giyabokisi yanu mwina ikadali bwinobwino, koma mukuisenzetsa katundu amene si wake. Amene anakuuzani kuti handibuleki ilibe ntchito anakusokeretsani.

P si buleki. Mukatsegula giyabokisi ya otomatiki mupeza gudumu lachitsulo la mano akuluakulu, ndipo pambali pake pali kachitsulo kokhota ngati mbedza, kotalika ngati chala chanu. Mukaika pa P kachitsuloko kamagwera pakati pa mano awiri n'kutseka shafiti yopita ku matayala. Ndi kokhako kamene kamagwira galimoto. Mawa mukafika pakhomo mudzatchere khutu: mukangochotsa phazi pa buleki, galimoto imasendera pang'ono, n'kuima mogwedera. Pamenepo ndiye kuti makilogalamu 1,200 kapena 1,500 akhuthukira pa kambedza kaja, ndipo kagona nawo usiku wonse. M'mawa mukamakoka giya mumakhala mukukazula pakati pa mano kali chitsamiridwe, n'chifukwa chake dzanja limamva kulimba, ndipo kakasomphoka pamamveka gu! uja.

Kamodzikamodzi sizipha galimoto. Koma tsiku ndi tsiku nsonga ya kachitsuloko imaperepeseka, chingwe chochoka pa ndodo ya giya chimatamuka, ndipo malabala ogwira injini amang'ambika msanga. Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti kachitsuloko pakokha n'kakang'ono, koma pa galimoto zambiri kuti tikafikire timayenera kutsitsa giyabokisi yonse.

Palinso china chimene ambiri sadziwa. Pa galimoto yokoka ndi matayala akutsogolo, P imatseka akutsogolo okha, ndipo imawatseka kudzera pa difu, magiya amene amalola matayala awiriwo kuzungulira pa liwiro losiyana. Tayala limodzi likangotaya nthaka, kaya lili pa jeke kaya pamatope, limatha kuzungulira chobwerera mnzake akugudubuzika, galimoto n'kuyamba ulendo ndodo ili pa P. Handibuleki imagwira akumbuyo. Mukagwiritsa ntchito ziwirizi, matayala onse anayi amakhala ndi mwini.

Ndiye muzichita chonchi. Mwaima, phazi lili pa buleki. Ikani pa N, kokani handibuleki mpaka igwire. Chotsani phazi pang'onopang'ono kuti galimoto itsamire pa handibulekiyo. Ikakhala duu, pondaninso buleki, ikani pa P, kenako zimitsani. M'mawa mubwerere njira yomweyo: lizani injini, pondani buleki, ikani giya, handibuleki muitsitse pomaliza. Mudzaona ndodo ikuyenda mofewa ngati yatsopano. Ngati galimoto ikusendera ili pa N handibuleki mutakoka, kapena mukuikoka mpaka kumathero osagwira kanthu, pitani nayo akaimange. Handibuleki imene yakhala zaka osakokedwa kawirikawiri chingwe chake chimakhala chitachita dzimbiri, choncho ulendo woyamba muiyesere pamalo osalala.

Musakhulupirire dzanja lokha, muziyang'ana chilembo cha P pa dashibodi. M'chaka cha 2016 kampani ya Fiat Chrysler inaitanitsa galimoto zoposa miliyoni imodzi chifukwa ndodo yake ya giya inkabwerera pakati nthawi zonse, anthu n'kumatsika akuyesa aika pa P pomwe sanaike. Mu June chaka chomwecho Anton Yelchin, mnyamata wa zaka 27 wochita mafilimu, anamwalira ku Los Angeles atapanikizidwa ndi Jeep Grand Cherokee yake imene inatsetsereka pakhomo pake. Nkhani imeneyi ndimaikumbukira nthawi zonse ndikaona munthu akutsika galimoto pachitunda osakoka kanthu.

Matayala nawonso muziwakhotetsa. Galimoto ikayang'ana kumtsetse, akhotereni kumphepete kwa msewu. Ikayang'ana kumtunda ndipo pali kachipupa ka simenti m'mbali, akhotereni chakumsewu kuti ikabwerera tayala likatsamire kachipupako. Popanda kachipupa, nthawi zonse kumphepete, kuti ikapulumuka ituluke mumsewu m'malo molowa pakati pa anthu. Mawa lake kiyi akakana kutembenuka musamukakamize; loko wa chiwongolero wangopanikizika, gwedezani chiwongolero uku ndi uku mukutembenuza kiyi. Amene ali ndi galimoto ya klatchi, handibuleki kenako giya wani poyang'ana kumtunda, livesi poyang'ana kumtsetse.

Tsopano za bambo. Auzeni mwaulemu kuti asiye. Masekondi awiri oponda moto sangaike kanthu m'batire; kuti litenge moto pamafunika ulendo weniweni. Ndipo ngati injini yanu ili ndi turbo, kachipangizo kokankhira mpweya wochuluka mu injini, akuiwononga. Turbo imazungulira maulendo oposa 100,000 pa mphindi, ikuyandama pa oyilo wopopedwa ndi injini. Mukaponda moto mumaithamangitsa, mukazimitsa pampu ya oyilo imaima pomwepo, koma iyo imapitiriza kuzungulira youma. Ikakhala yotentha kwambiri, oyilo wotsala mkatimo amapserera n'kusanduka makala otseka tinjira take. Mukachoka ulendo wautali wothamanga, kapena mwakwera phiri ndi katundu, isiyeni injini ilire payokha mphindi imodzi kapena ziwiri musanazimitse. Ngati mwabwera mukuyenda pang'onopang'ono m'tauni, palibe chodikira.

Funso: Galimoto yanga ndikazimitsa, fani ya kutsogolo imapitiriza kulira ngakhale nditachotsa kiyi. Ndichotse waya wa batire?

Yankho: Ayi, achimwene, isiyeni. Injini ikaima madzi amasiya kuzungulira ndipo kutentha kumakwera kaye pang'ono, ndiye kompyuta ya galimoto imayatsa fani kuti iziziritse. Mphindi zochepa n'zabwinobwino. Ikapitirira theka la ola, kapena ikumalira injini ili yozizira, kayezetseni rile (kaswichi koyatsa fani) ndi sensa ya kutentha isanakuphereni batire. Musalowetse dzanja pafupi ndi fani injini ili yotentha, imatha kudzuka yokha.

Mwandikumbutsa za kutentha. Pansi pa galimoto, pa paipi ya ekizozi, pali kabokosi koyeretsa utsi kamene kamatentha kupitirira madigiri 400 galimoto ikuyenda. Mukaimika pa udzu wouma wautali kapena pa mulu wa masamba, zimakhudza pamenepo n'kuyamba kufuka pansi, inu mutapita kale. Musanazimitse, suzumirani pomwe mwaimapo.

Funso: Yanga ndi yoliza ndi batani, ya hybrid, yoyendera petulo ndi magetsi. Kawiri konse ndapeza batire litatha m'mawa, ndipo tsiku lina ndinamva injini ikulira yokha m'galaja usiku. Chavuta n'chiyani?

Yankho: Bambo, izi ndi zinthu ziwiri, ndipo chachiwiricho chandiopsa. Pa galimoto zambiri za batani, mukadina batanilo giya isanafike pa P, injini imazima koma magetsi amatsala oyaka: wailesi, dashibodi ndi zina zimadya batire usiku wonse. Kudina batani kawiri mwachangu kumachitanso zomwezo. Yambani ndi P, dinani kamodzi, dikirani dashibodi ide.

Za usiku uja, galimoto simunaizimitse konse. Hybrid ikaima injini ya petulo imangokhala chete, munthu n'kuyesa yazima, pomwe nyali ya READY ikadali yoyaka. Batire lalikulu likatsika, injini imadzuka yokha kuti ilidzaze, ndipo imatero kangapo mpaka kucha. Utsi wake uli ndi mpweya wa carbon monoxide, umene ulibe fungo kapena mtundu. M'galaja yotseka umadzadza msanga, n'kudutsa pansi pa chitseko kulowa m'zipinda momwe anthu akugona. Anthu amwalirapo mwanjira imeneyi, ndipo ambiri sadzuka n'komwe. Amene adzuka amamva mutu, chizungulire ndi mseru.

Galimoto imakuchenjezani. Mukatuluka ndi kiyi m'thumba iyo ili moyo, imalira kuti pi pi pi, ndipo zambiri zimakana kukiya zitseko. Kulira kumeneko musakuzolowere, bwererani mukaone. Usiku uliwonse musanatseke galaja yang'anani kuti READY yazima ndipo dashibodi yada, kenako kiyani ndi rimoti mumve loko akugwa. Ngati galaja yanu ndi yolumikizana ndi nyumba, gulani kachipangizo kochenjeza za carbon monoxide mukapachike pafupi ndi zipinda zogona, ndipo mukadzamvanso injini usiku, tulutsani kaye ana panja, tsegulani chitseko chachikulu cha galaja muli kunja, mudikire mphepo idutse musanalowe kukazimitsa.