Nkhokwe inali poyera, ndalama zili m'foni

Adzukulu anga, makalata awiri andipeza nthawi imodzi, ndipo ngakhale eni ake sadziwana, akulira maliro amodzi. Yoyamba yachokera kwa mtsikana wa ku Kasungu amene anatengedwa chitengwa. Akuti iye ndi mwamuna wake amalima fodya wa bale, koma mabelo akangokwera galimoto kupita ku msika wa fodya wa ku Chinkhoma, nkhani ya fodya imathera pomwepo. Seloshiti, pepala losonyeza mmene fodya wagulidwira, sanaionepo. Akafunsa amayankhidwa kuti, "Za ndalama si za akazi, iwe ukusowa chiyani pakhomo pano?" Yachiwiri ndi ya mnyamata wa ku Ndirande, woyendetsa kabaza wa njinga yamoto. Mkazi wake amagulitsa kaunjika, ali m'banki mkhonde, ndipo masiku ena amapeza zoposa iye. Mkaziyo sanena zimene wapeza, ndiye mnyamatayo akufunsa kuti, "Agogo, kodi mwambo wathu sukuti mwamuna ndiye mutu wa banja? Bwanji ndalama zonse asamapereke kwa ine?"

Ndiyambe ndi mwambowo, poti ndi umene amuna onse awiriwa akubisalamo.

Pamene ife tinkakula, chuma cha pakhomo chinali nkhokwe. Mwamuna ankadula nsungwi, kuiluka, kuiimika ndi kuifolera. Koma ikadzaza, wotapamo anali mayi. Iyeyo ndiye ankadziwa pamene chimanga chafika, ankadziwa dengu loti lipite kumtondo, loti apatse apongozi, loti asinthanitse ndi mchere kapena nsomba. Akaona kuti chatsika msanga, ankayamba kuchepetsa mpoto mvula isanagwe, ndipo palibe ankamufunsa chifukwa. Mwamuna wopezeka akutapa yekha m'nkhokwe kuti akamwere mowa ankasanduka nyimbo ya pamtondo, mudzi wonse n'kudziwa. M'midzi ya chikamwini zinkaposa apa, chifukwa munda unali wa mbumba ya mkazi, mkamwini ankalima pa nthaka ya eni, ndipo atsibweni a mkaziyo ankaponya diso. Sindikunena kuti akazi akale ankakhala pa mtendere, ayi. Ankatopa, ena ankamenyedwa, ambiri analibe pokadandaula. Koma amene akuti makolo anaika chuma chonse m'manja mwa mwamuna akunamizira anthu amene sangadzukenso kudzadziyankhira.

Ndalama zinalowa pamudzi kudzera khomo lina. Azungu atakhazikitsa boma lawo mu 1891 anabweretsa msonkho wa nyumba, ndipo amene ankasakidwa kwambiri ndi msonkhowo anali mwamuna. Ndiye amuna anatuluka kukafuna ndalama: ku minda ya azungu ya ku Thyolo ndi Mulanje, ku Halale, ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito za m'migodi, mpaka Kamuzu anaimitsa ulendowo mu 1974 ndege yonyamula ogwira ntchito m'migodi itagwa ku Francistown, ku Botswana, n'kupha anthu athu 74. Ena ankatumiza, ena anatchona. Fodya wa alimi a m'midzi nayenso, kuyambira pamene boma la atsamunda linakhazikitsa bungwe loyang'anira fodyayo la Native Tobacco Board mu 1926, wolembedwa m'kaundula kawirikawiri anali mwamuna. Motero anthu anazolowera kuti chimanga n'cha mayi, ndalama n'za bambo. Nthawi imeneyo kugawana kotere sikunkapweteka kwenikweni, poti ndalama ntchito yake inali msonkho, nsalu ndi njinga. Lero ufa ndi ndalama, feteleza ndi ndalama, chigayo, makala, fizi, ngakhale madzi a pa kiyosiki. Gawo la mayi linaphwa pang'onopang'ono popanda bwalo limene linagamula kuti litero.

Chinanso chimene chinatayika ndi ichi: nkhokwe inkaima poyera. Ngakhale mlendo wodutsa ankatha kuona kuti pakhomo apa chaka chino akolola kapena alephera. Lero chuma chili m'foni, ku Airtel Money kapena ku Mpamba, chotsekedwa ndi nambala yachinsinsi, ndipo uthenga ukalowa munthu amaufufuta asanafike pakhomo. N'chifukwa chake ine funso loti chikwama asunge ndani sindilitenga kukhala lalikulu. M'mabanja ena amasunga bwino ndi mwamuna, m'mabanja ena ndi mkazi. Banja limadwala pamene mmodzi yekha ndiye akudziwa kuchuluka kwa zimene zalowa.

Tsopano iwe wa ku Kasungu, mkazi mnzanga. Usachite manyazi kufunsa, chifukwa fodyayo ndi wakonso. Ndani ankasenza madzi kuthirira nazale dzuwa la Okutobala lili pamutu? Ndani anawokera mvula itagwa, kupalira, kubandira, kuthyola m'mawa mame asanakamuke? Kusoka kuja, kukhala pansi tsiku lonse msana uli phwanyu, manja ali bii ndi phula la fodya moti ngakhale nsima imawawa, mwana ali kumsana, si iwe? Posankha magiredi m'chigafa palibe amene anati za fodya si za akazi. Mawuwo amangotuluka tsiku logulitsa.

Koma ndikuuzenso zimene mwina sunaziganizire. Si mwamuna aliyense wobisa seloshiti amene wadya ndalama. Ngati munalima pa kontirakiti, kampani imayamba yadula ngongole ya feteleza ndi zipangizo zina, kenako pamabwera za mayendedwe a mabelo ndi zodula zina za kumsika. Pepalalo likamafika pansi, ndalama yotsala imatha kukhala yochititsa manyazi, ndipo mwamuna amene ankayenda monyada pamudzi kuti ndi mchikumbe amaona bwino kukhala chete kusiyana n'kuvomera. Alipo enanso, tonse timawadziwa, amene ndalama zikangolowa amasowa sabata ziwiri pa tawuni, n'kubwera ndi wailesi, buledi mmodzi ndi matenda. Wako ali mbali iti, pepala lokhalo ndi limene lingakuuze, ndipo mbali iliyonse imene ali, uyenera kuliona.

Nthawi yoyankhula ndi imene ambiri mumaiphonya. Mumadikira ndalama zilowe, mwamuna atavala kale nsapato, ndiye mumayamba kufunsa pakhomo ana akumva. Pamenepo palibe chimene ungatolepo. Nkhaniyi iyambike fodya akadali m'chigafa, msika usanatsegulidwe, muli awiri m'nyumba mutadya. Usayambe ndi kuti "undionetse ndalama." Yamba ndi zimene zikudikira: matumba angati a chimanga oti mufike nawo mwezi wa Malichi, feteleza wa chaka chamawa agulidwe mtengo usanakwere, fizi ya ana, malata ngati zingatheke. Muzilembe m'kope la sukulu. Ndipo mugwirizane kuti aliyense akhale ndi kangachepe ka m'thumba kosafunsidwa. Mwamuna wamkulu sangamapemphe chilolezo chogulira mayunitsi, nawenso suyenera kugwada chifukwa cha sopo kapena chitenje.

Akakana kawiri katatu, ankhoswe alipo chifukwa cha zimenezi. Poti uli pa chitengwa, kutali ndi abale ako, uonetsetse kuti nkhoswe ya kwanu yabweradi, asakambe a kuchimuna okhaokha. Ndipo dziwa kuti boma silikuona nkhaniyi ngati ya kuchipinda chabe. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la mu 2006 limawerengera kumana mnzako chuma ndi zofunika pa moyo m'gulu la nkhanza, ndipo ku polisi kuli ofesi ya Victim Support yomva madandaulo otere. Lamulo la maukwati la mu 2015 limanenanso kuti banja likatha, khoti pogawa katundu liziganizira zimene aliyense anathandizapo, kuphatikizapo ntchito za pakhomo. Sindikukuuza izi kuti uthamangire kukhoti. Ndikufuna ukamakhala pansi ndi mwamuna wako udziwe kuti sukupempha chifundo.

Vutoli si lathu lokha, ndipo maiko ena anayesapo kulizungulira. Dziko la Mexico litayamba kuthandiza mabanja osauka ndi ndalama mu 1997 pa ndondomeko ya Progresa, linasankha kupereka ndalamazo m'manja mwa amayi. Brazil nayo inachita chimodzimodzi pa Bolsa Família kuyambira 2003. Ku Bangladesh, Grameen Bank ya Muhammad Yunus inkabwereketsa makamaka kwa akazi. Nkhani imene imandisangalatsa ine, poti ikukhudza ife agogo, ndi ya ku South Africa. Penshoni ya okalamba itayamba kufika mokwanira kwa anthu akuda kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, katswiri wa zachuma Esther Duflo anafufuza ana a m'makomo amene munkalowa ndalamayo. Anapeza kuti wolandira akakhala gogo wamkazi, adzukulu aakazi ankanenepa ndi kukula bwino, pamene akakhala gogo wamwamuna kusinthako sikunkaoneka.

Atsikana musaombe m'manja msanga. Ku Kenya, kumene bungwe la GiveDirectly linkapereka ndalama kwa amuna m'makomo ena ndi kwa akazi m'makomo ena, ofufuza sanapeze kusiyana kwakukulu pa kagwiritsidwe ntchito kake, ndipo sanapeze kuti ndalamazo zinathera ku mowa monga ambiri ankaopera. Ine ndimati mkazi amakumbukira mchere osati chifukwa anabadwa woyera mtima, koma chifukwa mwana akamva njala amalirira iye. Amene amayang'anizana ndi mphika ndiye amadziwa mtengo wake.

Apa ndiye ndafika kwa iwe wa ku Ndirande, mwamuna wanga, poti mdzukulu wamwamuna ndi mwamuna wa agogo ake. Wafunsa za mkazi wako, koma m'kalata yako yonse sunanene ngati iye amadziwa zimene iwe umapeza pa kabaza. Kodi amadziwa kuti mwini njinga umamupatsa zingati, mafuta amadya zingati, chotsala n'chiyani? Kapena umangosiya ya ndiwo pa tebulo m'mawa, n'kubwera madzulo kufunsa chifukwa chake kulibe nyama? Amuna ambiri ndalama ya ndiwo imene amasiya lero ndi yomwe ija ankasiya kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mkazi ndiye amakwirira dzenjelo ndi phindu la geni yake, mwakachetechete. Loweruka likubwerali utenge ndalama imene umasiyayo, upite wekha mumsika wa Ndirande, ugule makala, mafuta ophikira, tomato, anyezi, usipa ndi sopo. Ukabwerako ndiye udzandilemberenso.

Akazi ambiri amene amabisa ndalama amabisa chifukwa anapsapo. Ananena kamodzi kuti lero geni yayenda, mawa lake mwamuna anasiya kupereka ya ndiwo, kapena anabwereka mpamba wonse n'kusabweza. Geni ya kaunjika ikadyedwa mpamba yatha, belo lina silingaodedwe. Ukafuna kuti akuuze, yamba ndiwe kutsegula foni yako pamaso pake, ndipo umulonjeze kuti mpamba wake sudzaukhudza. Umutu wa banja umene ukuufunawo, kale unkatanthauza kuti njala ikafika woyamba kunyamula khasu kukafuna ganyu ndiwe, mlandu ukagwa wokayankha kwa amfumu ndiwe. Kulanda thumba la mkazi sikunali m'gulumo. Ndipo mkazi kupeza zoposa iwe si chipongwe. Ndi mvula imene yagwa m'munda mwako.

Koma mkazi wakoyo ngati akuwerenga, nayenso amve. Banki mkhonde ndi chinthu chabwino. Inayambira ku Niger mu 1991 ndi bungwe la CARE, ndipo kuno yamangitsa nyumba zambiri za malata ndi kuphunzitsa ana ambiri. Masheya ako ndi ako, palibe woti akulande. Chimene sindigwirizana nacho ndi ngongole yobisa. Mayi amatenga ngongole ku gulu lino, chiwongoladzanja chikamupana amakatenga ku gulu lina kuti atseke, kenako kwa wa katapila, mwamuna osadziwa kanthu. Amadzadziwa mwezi wa Disembala, nthawi yogawana, amayi a gulu atafika pakhomo kudzanyamula mipando, matiresi ndi mapoto. Katundu amene akutulukayo ndi wa nonse awiri, ndiye ngongole yake inayeneranso kudziwika kwa nonse awiri isanatengedwe.

Kwatsala nkhani imene nonse simunaitchule koma ndikudziwa ili pansi pa makalata anuwa, ya achibale. Ndalama zina zobisidwa m'mabanja mwathu sizipita ku mowa kapena ku zibwenzi, zimapita kumudzi. Mwamuna amatumizira mayi ake mobisa poopa kuti mkazi adandaula, mkazi amalipirira mlongo wake fizi mobisa poopa kunenedwa kuti akukokera kwawo. Kwa ife a chikamwini n'zovutirapo, chifukwa mwamuna yemweyo ndi bambo kuno, kwawo ndi mwini mbumba, ndipo ana a mlongo wake amamuyang'ana. Kuthandiza abale sikulakwa, ndipo amene angakuuzeni kuti musiye sakudziwa kumene munachokera. Muziike pa kope lomwe lija pamodzi ndi chimanga ndi fizi: mwezi uno zakuti zipita kwa amayi a bambo, mwezi wamawa zakuti kwa amayi a mayi, za maliro ndi matenda zikhale padera. Ndipo potumiza, ya kwa makolo a mwamuna atumize mkazi ndi foni yake, ya kwa makolo a mkazi atumize mwamuna, kuti kumudzi adziwe kuti yachokera kwa anthu awiri.