Marimu a saizi 17 pa Axio: ndigule kapena ndisiye?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa achimwene ena a ku Area 49, ndipo ndaifupikitsa pang'ono. Akuti: "Ndili ndi Toyota Axio ya 2014. Inabwera ndi marimu achitsulo ndi mawilikapu, matayala ake ndi 175/65R15. Mawilikapu awiri anasowa kale, moti galimoto ikungooneka ngati takisi. Ndaona pa Facebook munthu akugulitsa marimu a saizi 17 ndi matayala omwe, akuti amalowa pa Toyota iliyonse ya mabowo anayi. Ndikufunanso kuitsitsa pang'ono, kuika tinti ndi magetsi oyera aja. Ndigule? Nanga ndiyambire pati?"

Zikomo achimwene polemba. A 17 amenewo asiyeni. Funani a 15 ooneka bwino, kapena a 16 ngati mtima wakana kukhazikika. Ndikudziwa kuti si yankho limene mumayembekezera, chifukwa Axio ikakhala pa 17, itangotsukidwa kumene, imakongoladi mpaka anthu kucheuka. Koma kukula kwa rimu kumasankhidwa ndi msewu umene mumadutsa pobwerera kunyumba madzulo, osati pamalo otsukira galimoto.

Tiyambe ndi manambala amene ali pa tayala lanu. 175 ndi mulifupi mwa tayala m'mamilimita. 65 akutanthauza kuti mphira ya m'mbali, kuchokera pa rimu kukafika pansi, ndi 65 peresenti ya 175, omwe ndi mamilimita pafupifupi 114. Ndipo 15 ndi kukula kwa rimu m'mainchesi. Gudumu lonse, rimu ndi tayala pamodzi, ndi lotalika pafupifupi mamilimita 608. Kutalika kumeneku sikuyenera kusintha kwambiri, poti sipidomita ndi mabuleki a ABS zimawerengera pamenepo, komanso malo amene gudumu limazunguliramo sakula ayi. Choncho rimu ikakula, chimene chimachepa ndi mphira. Pa 17 mudzaika 205/45R17 kapena 205/40R17, ndipo mphira idzatsala mamilimita 92 kapena 82 basi. Pa 16 pali 185/55R16: mphira mamilimita 102, gudumu lonse 610, kusiyana kwake ndi la panopa kosaoneka n'komwe.

Mphira ya m'mbaliyi ndiyo nkhata ya galimoto. Amene anasenzapo ndowa kuchokera ku mjigo akudziwa kuti nkhata ikapyapyala, limene limamva ndi liwombo. Pagalimoto zimene zimamva ndi rimu, mashoko, mabushi, ma ball joint, kenako msana wanu ndi wa amayi kunyumba.

Inde, Lilongwe yasintha. Msewu wa Kenyatta anaukuza, pa Area 18 pali interchange, ndipo pali misewu ina imene ungayendepo ndi kapu ya tiyi m'manja. Koma inu simugona pa Kenyatta. Kuchoka pa tala kukafika pageti panu pali chigawo cha fumbi, ndipo chimodzimodzi kwa anzathu a ku 25, ku 36, ku Chinsapo ndi ku Kawale. Ikafika Januwale, dzenje limadzaza madzi n'kumaoneka ngati kachithaphwi wamba, pomwe mkati muli mlomo wakuthwa wa tala. Tayala la mphira 114 limalowa, kumeza nkhonyayo, n'kutuluka. La 82 limapanikizika pakati pa tala ndi rimu, ulusi wa mkati n'kuduka, ndipo mawa lake mumaona chotupa m'mbali ngati dzira. Tayala lotupa m'mbali silimatidwa, ndi lotaya. Rimu yachitsulo ikapindika, mnyamata wa matayala pansi pa mtengo amaiwongola ndi hamala inu mukudya chimanga chootcha. Ya alloy, yopangidwa ndi aluminiyamu ija, nthawi zambiri imang'aluka, ndiye mumayamba kupopa m'mawa uliwonse osadziwa kumene mpweya ukuthawira.

Ganiziraninso za ulendo. Tayala likaphulika ku Nathenje, ku Mponela kapena panjira ya ku Salima, la saizi 15 simuvutika kulipeza pa trading centre yaikulu kapena pa boma. La 205/40R17 mudzachita kuimbira munthu ku tauni kuti alikweze minibasi. Ndipo marimu akuluakulu otsika mtengo amakhala olemera kuposa achitsulo amene mukuwanyozawo, kuphatikiza tayala lalikulu mulifupi. Injini ya 1.5 imamva kulemerako ponyamuka, ndipo petulo, amene tonse tikudziwa mmene amapezekera masiku ena, amapita msanga.

Tsopano za wogulitsa uja ndi mawu ake akuti "amalowa pa Toyota iliyonse". Kulowa n'kosiyana ndi kukhala bwino. Pali manambala angapo amene ayenera kugwirizana, ndipo ambiri mwa iwo amalembedwa kuseri kwa rimu. Muuzeni aitembenuze, apukute fumbi la mabuleki, ajambule, akutumizireni pa WhatsApp musanawononge mafuta kupita kumeneko.

Yoyamba ndi PCD, kutanthauza chiwerengero cha mabowo ndi kutalikirana kwake. Axio yanu ndi 4x100, ngati Vitz, Honda Fit, Mazda Demio ndi Nissan Note. Koma kulinso marimu a mabowo anayi a 4x114.3, amene sangalowe ngakhale mutakakamiza. Ena amabwera ndi mabowo asanu ndi atatu kuti alowe konsekonse, ndipo amenewo alibe vuto. Anzathu a Premio ndi Allion awo ndi 5x100, a Mark X ndi 5x114.3, a Mercedes-Benz 5x112, a Hilux 6x139.7. Ngozi yeniyeni ili pa manambala oyandikana, monga 112 ndi 114.3, chifukwa munthu wamakani amatha kuikankha rimu n'kumanga, manati atakhala chopendekera, ndipo tsiku lina ma stud, mabawuti omangapo manati aja, amathyoka galimoto ikuthamanga.

Yachiwiri ndi bowo la pakati. Pa Axio ndi mamilimita 54.1, pa Fit ndi 56.1, pa Note ndi 60.1. N'chifukwa chake rimu ya Honda imalowa pa Toyota koma ya Toyota imakana pa Honda. Marimu ogula padera ambiri amakhala ndi bowo lalikulu, 67.1 kapena 73.1, kuti agulitsike kwa aliyense. Pamenepo pamafunika timphete totchedwa hub ring, totseka mpata umenewo kuti gudumu likhale pakati penipeni. Popanda timpheteti, ambiri amadandaula kuti chiwongolero chikunjenjemera akafika 80 kapena 100, n'kumabalansitsa matayala kawirikawiri osaona kusintha. Ndi kanthu kotchipa, koma ogulitsa ambiri sakatchula.

Yachitatu, imene imavuta kwambiri, ndi mulifupi mwa rimu pamodzi ndi offset. Mudzaona polembedwa ngati 16x6J, pomwe 6J ndi mulifupi mwa rimu m'mainchesi, kenako ET45 kapena 45 yokha, yomwe ndi offset m'mamilimita. Marimu amene Toyota inaika pa magalimoto amenewa ndi a 5J kapena 5.5J, offset yake pakati pa 39 ndi 45. Nambala ya offset ikachepa, gudumu limatulukira kunja. Marimu a 17 ambiri ndi 7J. Mukatenga 7J ya offset 35, mlomo wake udzatuluka pafupifupi masentimita atatu kuposa panopa. Muli nokha m'galimoto simudzamva kanthu. Tsiku la maliro ku Mitundu kapena ku Nsaru, kumbuyo kutakhala azakhali atatu, m'buti muli thumba la chimanga la makilogalamu 50, hampu iliyonse mudzamva kuti khwee, tayala likudyedwa ndi bodi. Mvula ikagwa matope onse amathera m'mbali mwa zitseko. Pa Axio ine sindingapitirire 6J kapena 6.5J, offset osatsika 40. Za ma spacer oika pakati pa rimu ndi habu kuti gudumu lituluke, sindiwakonda, makamaka opyapyala aja amene amangochepetsa mazinga ogwira nati.

Manati nawo ali ndi nkhani yake, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri a Toyota amapusira. Amene muli nawo pa marimu achitsulowo ndi osongoka kunsonga. Marimu a alloy ogula padera amafunanso osongoka, koma nthawi zina mabowo ake ndi ang'ono moti sipanala ya 21 siilowa, ndiye pamafunika manati owonda okhala ndi kiyi wake. Kiyi ameneyo azikhala m'galimoto, osati m'thumba la makaniko. Koma mukagula marimu a alloy enieni a Toyota, ochotsedwa pa Axio kapena Fielder ina, ambiri amafuna manati afulati okhala ndi washa. Mukamanga ndi osongoka, gudumu limaoneka lolimba pomwe langogwira pang'ono, ndipo limamasuka m'njira. Mazinga a Toyota ndi M12x1.5, a Nissan ndi M12x1.25, choncho musalole wina akutolereni manati osakaniza m'chitini. Pomanga, Toyota imanena mphamvu ya 103 Nm, imene amayeza ndi sipanala yapadera. Mnyamata akatenga paipi yaitali n'kukwerapo ndi miyendo yonse iwiri, mletseni mwaulemu. Mukayenda makilomita 50 mpaka 100, mangitsaninso.

Marimu a Toyota enieniwa, kunena zoona, ndi amene ndingakulimbikitseni. Saoneka achilendo kwambiri, koma ndi olimba ndipo manambala ake onse ndi a galimoto yanu. Yendani ku Biwi ndi ku Old Town, funsani mashopu angapo, musagule pa shopu yoyamba. Mukakonda ena ochokera ku Japan, yang'anani chizindikiro cha JWL, ndipo pa ogula padera pakhalenso VIA. Zimenezi zimasonyeza kuti rimu inakwaniritsa muyeso wa kulimba wa ku Japan, ngakhale okopera ena amadindanso zizindikirozi, ndiye zisakhale umboni wokhawo. Mayina ngati BBS, Rays, Enkei ndi Work ndi a makampani enieni, ndipo katundu wawo ndi wodula ngakhale atagwirapo ntchito. Wina akakupatsani TE37, marimu otchuka a Rays, zinayi zatsopano pa mtengo wa matayala awiri, dziwani kuti chenicheni pamenepo ndi sitika yokha.

Rimu yogwirapo ntchito musaigule poyang'ana kumaso. Pitani nayo pamalo obalansira matayala, aikweze pamakina, aizungulitse inu mukuyang'ana mlomo wa mkati, chifukwa ndi umene umapindika koyamba ndipo suoneka rimu ikakhala pagalimoto. Yendetsani chala kuseri konse. Mukamva potupa ngati chipsera, pamenepo anawotcherera. Penti watsopano wonyezimira pa rimu yakale amandikayikitsa kuposa zokalika, poti zokalika sizibisa kanthu. Onaninso mabowo a manati ngati sanakule kukhala ngati dzira. Wogulitsa amene akukana kuti muyese rimu imodzi kutsogolo, mukhotetse chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse, n'kuona ngati sikukhudza buleki, musiyeni ndi katundu wake.

Mwati akugulitsa ndi matayala omwe. Werengani m'mbali mwake. Marimu ambiri ochokera ku Japan amabwera ndi matayala a nyengo ya chisanu, olembedwa STUDLESS, okhala ndi timizere ting'onoting'ono tambirimbiri. Amaoneka atsopano, mapanga ake akuya, koma mphira yake ndi yofewa, yopangira madzi oundana. Pa tala wa Okutobala amatha msanga, ndipo pamsewu wonyowa galimoto imachedwa kuima. Pezaninso manambala anayi a tsiku lopangidwa: 2318 ndiye kuti sabata ya 23 m'chaka cha 2018. Tayala lopitirira zaka zisanu ndi chimodzi musalilipire ngati latsopano.

Zotsitsa galimoto ndiyankha mwachidule: ayi. Anzanu akulipira amakaniko kuti awakwezere magalimoto omwewa, inu mukufuna kutsitsa? Mahampu a pafupi ndi masukulu ndi misika adzakuphunzitsani kudutsa chammbali ngati nkhanu, bampala ndi ekizozi zikukhula pansi. Odula masipuling'i ndi grinder ndiye musawayandikire n'komwe.

Tinti ikani kumbuyo, imathandiza kutentha ndiponso maso a anthu ofuna kudziwa chimene chili pampando. Galasi la kutsogolo ndi a zitseko za kutsogolo asiyeni owala. Kupatula kukangana ndi apolisi pa rodibuloko, ganizirani za usiku pa M1 kulowera ku Kanengo ndi Lumbadzi, pamene a kabaza ambiri alibe nyali ndipo oyenda pansi avala zakuda. Musanalipire, funsani ku Road Traffic mlingo umene amalola popanga COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Mukafunanso kusintha mtundu wa galimoto ndi penti kapena wrap, kumbukirani kuti mtunduwo unalembedwa m'zikalata zake, ndipo a inshulansi auzeni za marimu atsopanowo kuti tsiku la tsoka pasadzakhale kukanirana.

Magetsi oyera aja ndi amene amandipsetsa mtima. Babu la LED loikidwa mu nyali yopangidwira halogen nthawi zambiri limamwaza kuwala paliponse. Inu mumaona ngati kwacha, koma wobwera kutsogolo saona kanthu, ndipo akulunjika kwa inu. Nyali za Axio za zaka zimenezo zimachita chikasu ndi dzuwa. Kazipukutitseni, ikani mababu abwino a mtundu womwewo, ndipo makaniko aziwongole zilunjike pamsewu.

Mukamaliza kuika marimu, kabalansitseni onse anayi, pangitsani alignment, ndipo gulani ma lock nut, poti rimu yokongola imaitana alendo usiku. Achitsulo aja musagulitse onse. Tsegulani buti lero muone pansi pa kapeti: magalimoto ambiri ochokera ku Japan amabwera ndi kapampu ndi botolo la guluu basi, kapena kasipeya kowonda kosayenera kupitirira 80. Ngati ndi choncho, rimu imodzi yachitsulo ndi tayala labwino pa anayi akalewo ikhale sipeya yanu, pamodzi ndi manati ake anayi m'kajumbo.