Kernel yanga sikuona disiki mu KVM, ndingosiya pa SATA?

Imelo ya achimwene ena owerenga kuno yandisiyitsa zomwe ndimafuna kulemba sabata ino. Akuti anapanga okha kernel (mtima wa dongosolo loyendetsa kompyuta) ya Linux pa laputopu yawo pogwiritsa ntchito lamulo la make localmodconfig. Atayiika mu VM (kompyuta yoyerekeza yoyenda mkati mwa kompyuta ina) ya KVM, njira ya Linux yoyendetsera ma VM, yangoima ndi uthenga woti "VFS: Unable to mount root fs on unknown-block(0,0)". Atachotsa disiki pa virtio (njira yolumikizira zipangizo yopangidwira ma VM) n'kuyiika pa SATA yoyerekeza, VM yayaka. Ndiye akufunsa kuti: "Ndingosiya choncho, poti zikuyenda?"

Achimwene, mawu oti "poti zikuyenda" amandipweteka kwambiri. Ndinagwirapo ntchito pa ofesi ina pomwe seva imodzi inkanyamula ma VM onse, ya malipiro, ya maimelo ndi ya mafayilo. Amene anayikonza poyamba anasiya chilichonse pa disiki ya mtundu wakale wa IDE ndi khadi la netiweki la rtl8139, chifukwa zinayaka tsiku loyamba popanda vuto. Mwezi ukamatha, aakawunti akayamba kukonza malipiro, ofesi yonse inkaima. Fayilo yaing'ono kutsegula, munthu mpaka kupita kukamwa tiyi. Mabwana anagamula kuti seva yakalamba, ndipo anayamba kufunsa mitengo ya ina, ndalama zakunja zomwe bungwelo linkazipeza movutikira. Chomwe chinkandiwawa n'chakuti makinawo analibe mlandu. Mphamvu zake zinkathera pa kunamizira kukhala zipangizo zakalekale. Titasamutsa ma VM aja kupita pa virtio usiku wina, nkhani yogula seva inazilala yokha.

Zimene zimachitika ndi izi. rtl8139 ndi khadi lenileni la Realtek, e1000 ndi la Intel. QEMU, pulogalamu yomwe imapatsa VM zipangizo zake, imangoyerekeza kukhala khadilo, ndipo driver (kapulogalamu koyendetsa chipangizo) wa mkati mwa VM amakhulupirira kuti akulankhula ndi chitsulo. Akalemba kanthu mu register (kamalo ka pa khadi kolandirira malamulo), purosesa imasiya ntchito ya VM, n'kutulukira kwa hypervisor, woyang'anira ma VM, kuti akaone chomwe chikufunika, kenaka n'kubwerera. Kutuluka kumeneku kumachitika kambirimbiri pa ntchito yaing'ono. Zili ngati anthu awiri a mudzi umodzi akukambirana kudzera mwa womasulira, liwu limodzi limodzi. Pa virtio, kernel ya mu VM imadziwa kuti ndi mlendo pa makina a wina. Mbali ziwirizi zimagawana malo mu memory otchedwa virtqueue, mlendo amaunjikamo zopempha zambiri n'kugogoda kamodzi.

Ndipo izi si zatsopano zoti munthu n'kumaziopa. Xen, hypervisor ya ku yunivesite ya Cambridge, inatchukitsa njira yoti mlendo azidziwa kuti ndi mlendo mu 2003. KVM inalowa mu Linux 2.6.20 mu 2007, ndipo virtio, yomwe anayambitsa Rusty Russell, inalowa mu 2.6.24 mu 2008. Mu 2016 bungwe lokhazikitsa miyezo la OASIS linakhazikitsa virtio 1.0. Ndikamaona wina akukonza VM ya Linux lero n'kusankha IDE, ndimati ameneyo akubera mwini makina. Ndikunena motsindika: zipangizo zoyerekezazi ntchito yake n'kupulumutsa dongosolo lakale lomwe lilibe driver, basi. Ngakhale Windows ilibe chowiringula, ma driver ake ali pa ISO ya virtio-win, mumangowalowetsa pamene ikufunsa disiki yoti ikhalepo.

Palinso ena omwe akanakuyankhani kuti musamapange kernel nokha. Amenewo sindigwirizana nawo. Uthenga umene mwauonawu waphunzitsa anthu ambiri momwe Linux imayakira kuposa kalasi iliyonse, ndipo ndikufuna achinyamata athu ambiri afike pouona.

Tsopano kernel yanuyo

Wolakwa ndi localmodconfig. Imayang'ana ma module (zidutswa za kernel, monga ma driver, zolowetsedwa padera) omwe ali pa ntchito pa makina omwe mukupangirapo, n'kuzimitsa ena onse. Laputopu yanu ilibe chipangizo cha virtio, choncho ma driver ake anatayidwa. SATA yayaka chifukwa driver wake anatsalamo.

Mu fayilo ya .config, momwe mumasankhira zolowa mu kernel, ikani CONFIG_VIRTIO_PCI=y, CONFIG_VIRTIO_BLK=y ndi CONFIG_VIRTIO_NET=y. Choyambacho musachiiwale, popanda icho enawo saona chipangizo chilichonse pa PCI, njira yomwe zipangizozi zimalumikizidwira. Ngati mwasankha virtio-scsi, mtundu wina wa disiki ya virtio, mufunika CONFIG_SCSI_VIRTIO ndi CONFIG_BLK_DEV_SD. Njira yachidule ndi make kvm_guest.config, yomwe imawonjezera zimenezi pa config yomwe muli nayo kale.

Ndalemba y dala, chifukwa y imaika driver mkati mwa kernel momwemo. Mukaika m (module), driver amakhala fayilo pa disiki yomweyo imene kernel ikulephera kuitsegula, pokhapokha mutamulowetsa mu initramfs, kathumba ka mafayilo komwe kernel imayamba nako isanatsegule disiki. Pa dracut, pulogalamu yopangira initramfs, mumachita zimenezo ndi --add-drivers "virtio_pci virtio_blk", pa Debian onetsetsani kuti mu initramfs.conf muli MODULES=most.

Samalaninso dzina. Pa virtio-blk disiki imakhala /dev/vda osati /dev/sda, choncho mu fstab, fayilo ya mndandanda wa ma disiki, lembani UUID, nambala yozindikiritsa yomwe simasintha dzinalo likasintha. Ngati mukuyatsa popanda initramfs, root=UUID sigwira, kernel payokha imamva root=PARTUUID kapena root=/dev/vda1 malinga ndi gawo la disiki lomwe muli root, tsinde la mafayilo onse a Linux. VM ikayaka, lspci -k ikuonetseni zipangizo zolembedwa dzina la kampani ya Red Hat zokhala ndi virtio-pci pa mzere wa driver, ndipo lsblk ionetse vda.