Webusaiti yanga ikungofanana ndi za anthu ena onse, nditani?

Imelo ya lero yachokera kwa owerenga wina yemwe ndi kalipentala, amapanga mipando, matebulo ndi makabati. Akuti: "Ndinadzipangira webusaiti pa WordPress, ndinasankha theme yomwe inandisangalatsa, ndaikamo mawu ndi zithunzi. Koma nditayang'ana mawebusaiti a anzanga a ntchito ngati yanga ndaona kuti zonse ndi chimodzimodzi, chithunzi chachikulu pamwamba, timabokosi titatu pansi pake, basi. Ine ndikufuna yanga ikhale yosiyana, munthu akaiona aikumbukire. Ndiikemo vidiyo yoyenda kumbuyo kwa mawu? Zinthu zouluka uluka? Kapena ndingolipira munthu wodziwa code andipangire yatsopano?"

Achimwene zikomo polemba. Yankho langa lalifupi ndi loti vidiyo ndi zouluka ulukazo zisiyeni kaye, ndalama zanunso zisungeni kaye, chimene chikusowa pa webusaiti yanu ndi inuyo. Koma ndifotokoze bwino chifukwa nkhaniyi imandikhudza kwambiri.

Choyamba musadzione ngati mwalephera, kufanana kumeneku kuli ndi gwero lake. WordPress, pulogalamu yopangira mawebusaiti, inayamba mu 2003 ndipo lero mawebusaiti opitirira 40 pa 100 alionse padziko lonse amayendera iyoyo, nde tangoganizani anthu angati asankha theme, maonekedwe a webusaiti okonzedwa kale aja, yomwe mwasankha inuyo. Timabokosi titatu tija natonso tili ndi mbiri yake. Mu 2011 anyamata awiri a ku Twitter, Mark Otto ndi Jacob Thornton, anatulutsa Bootstrap, chida chaulere chomwe chimagawa sikirini m'mizere 12 yoimirira, ndipo 12 amagawika bwino ndi 2, 3 komanso 4, nde aliyense anangoyamba kuika zinthu zitatu zitatu kapena zinayi zinayi. Chaka cha 2010 chisanathe Ethan Marcotte, katswiri wopanga mawebusaiti, anali atafotokoza kale njira yopangira tsamba limodzi loti lizikwanira pa kompyuta ndi pa foni pomwe, ndipo mabokosi ndi omwe amasanjikizana mosavuta sikirini ikachepa. Mwaona? Sikuti anthu ndi aulesi ayi, njira yophweka ndi imodzi ndipo tonse tinadutsa momwemo.

Tsopano apa mumvetsetse bwino, kufanana kwina ndi kwabwino ndipo musakukhudze. Jakob Nielsen, katswiri wofufuza mmene anthu amagwiritsira ntchito mawebusaiti, ananena kalekale mu 2000 kuti anthu amathera nthawi yawo yambiri pa mawebusaiti ena, osati yanu, choncho akafika kwa inu amayembekeza kuti zinthu ziyenda mmene anazolowera. Logo ili pamwamba ndipo ukaidina umabwerera ku tsamba loyamba, menyu ili poonekera, batani likuoneka ngati batani. Inu mukudziwa bwino kuposa ine kuti mpando wodyera umakhala pafupifupi masentimita 45 kuchokera pansi, ndipo simungaukweze kufika 70 pofuna kuti ukhale wosiyana ndi ya anzanu, munthu sangakhalepo. Mpando wanu umadziwika ndi mtengo womwe mwasankha, mmene mwalumikizira, mmene mwapalira, kupindika kwa kumsana. Webusaiti ndi chomwecho, pokhalira pasiyeni pomwe pali, luso lanu lipite kwinako.

Za vidiyo ndi zouluka ulukazo, tinadutsamo kale. Zaka za m'ma 2000 mawebusaiti ambiri ankapangidwa ndi Flash, pulogalamu yoikira zinthu zoyenda ndi nyimbo patsamba, unkafika n'kudikira kanthu kakuzungulira, nyimbo n'kuyamba yokha, menyu yobisika mwina mu chithunzi cha chitseko choti uchisake wekha. Ena anali okongola zedi sindikana. Koma iPhone sinalole Flash, Steve Jobs, yemwe anali mkulu wa kampani yopanga iPhone, analemba kalata yoikana poyera mu 2010, ndipo Adobe eni ake anaisiya kumapeto kwa 2020, ntchito yonse ija lero siitsegukanso mu browser wamba. Vidiyo ya kumbuyo ya masiku ano ili ndi vuto lofananako, ndi yolemera, imadya data ya kasitomala asanaone n'komwe tebulo limodzi, mawu olembedwa pamwamba pake sawerengeka bwino, komanso chomvetsa chisoni n'choti siyosiyana n'komwe chifukwa ma theme ambiri ali nayo kale. Google imati chinthu chachikulu cha patsamba chizikhala chitaoneka pasanathe masekondi awiri ndi theka, olo mutaiwala zina zonse nambala imeneyi muisunge.

Nde kusiyana kuchokera kuti? Yambani ndi mawu. Tsegulani tsamba lanu loyamba, phimbani logo ndi chala, muwerenge mokweza. Ngati mawu omwe alipowo angakhale pa webusaiti ya kalipentala wina aliyense osasintha kanthu, ndiye kuti si anu. Ndikutanthauza mawu aja oti ndife akatswiri, timapereka zinthu zapamwamba pamtengo wabwino, kasitomala ndi mfumu kwa ife. Aliyense amalemba zomwezo ndipo owerenga maso ake amangodumpha, samaziona n'komwe. Koma mutalemba kuti tebulo ili ndi la anthu asanu ndi atatu, matabwa ake ndinawaumitsa kaye asanadulidwe kuti lisadzapindike, mulibe msomali olo umodzi, miyendo ndinailowetsa mu mabowo osema, eya, apo munthu aima. Lembani mmene mumayankhulira kasitomala akabwera pa shedi n'kufunsa kuti bwanji lanu ndi lodula kuposa la uyo. Yankho lomwe mumamupatsa pakamwa lija ndi lomwe likufunika pa webusaiti. Ine ndimalangiza anthu kuti adzijambule mawu pafoni akufotokozera mnzawo za ntchito yawo kenako alembe zomwe anenazo, chifukwa munthu akagwira kiyibodi amasanduka wina, amayamba kulankhula ngati kampani ya inshuwalansi, pamene pakamwa amanena zinthu zenizeni. Ndipo musaope kunena zomwe simupanga. Ngati simugwira chipboard nenani, ngati oda imatenga milungu ingapo nenani, ngati pali mtengo womwe mumaukonda ndi wina womwe simuufuna nenani chifukwa chake. Zimenezi palibe theme ingakulembereni.

Chachiwiri ndi zithunzi, apa ndi pomwe anthu ambiri amadzipweteka okha. Theme imabwera ndi zithunzi zokongola za chipinda choyera chokhala ndi duwa pakona, kapena munthu amapita pa Unsplash kukatenga zaulere, ndipo chithunzi chomwecho chili pa mawebusaiti ena ambirimbiri. Kwa inu n'zoopsa kwambiri chifukwa mukugulitsa chinthu chooneka ndi maso, munthu akazindikira kuti tebulo la pachithunzi si lanu sakhulupiriranso zina zonse zomwe mwalemba. Foni yomwe muli nayoyo ikukwana. Jambulani m'mawa kapena dzuwa likupendeka, pafupi ndi windo kapena pamthunzi, fulashi muzimitse. Sankhani khoma limodzi loti likhale kumbuyo kwa katundu wanu yense, ndipo apa pali chinsinsi chomwe ambiri sachidziwa, zithunzi makumi awiri zojambulidwa pamalo amodzi ndi kuwala kofanana zimapanga maonekedwe a webusaiti yonse, kuposa mtundu uliwonse womwe mungasankhe. Musamangojambula katundu womalizidwa, jambulaninso polumikizira pafupi kwambiri, mizere ya mtengo, manja anu akupala, utuchi uli pansi, tebulo lili m'nyumba mwa amene analigula ngati wavomera. Kenako zichepetseni musanaziike, chithunzi chochokera mu kamera ya foni chimatha kukhala ma megabyte angapo pomwe patsamba chikhoza kuoneka bwino bwino chili chopepuka kwambiri, chisungeni ngati WebP kapena JPEG yofinyidwa. Pa chithunzi chilichonse mulembenso alt text, mawu ochepa ofotokoza chomwe chili pachithunzipo, anthu osaona amene amagwiritsa ntchito mapulogalamu owerenga sikirini amadalira mawu amenewa.

Chachitatu, ndipo ichi ndi chomwe chimasinthadi nkhope ya webusaiti, ndi kasanjidwe. Vuto la theme ndi loti imakuuzani mipata yoti mudzaze, nde mumapezeka mukusaka chinthu chachitatu choti muike mu kabokosi kachitatu pomwe muli ndi ziwiri zokha zoti munene. Tembenuzani. Zimitsani kompyuta, tengani pepala, lembani mafunso omwe makasitomala amakufunsani kawirikawiri motsatana mmene amafunsira. Mwina amayamba ndi ndione zomwe munapangapo, kenako mungapange kukula kwina, kenako zitenga nthawi yaitali bwanji, kenako ndikupezani bwanji. Tsamba lanu loyamba litsate ndondomeko imeneyo basi. Mwina mupeza kuti chithunzi chachikulu cha pamwamba chija sichikufunika, kuti bola kuyamba ndi mzere wa katundu wanu pompo pompo. Mwina mupeza kuti tebulo lililonse likufunika tsamba lakelake lofotokoza kuti unali mtengo wanji, amene anaoda ankafuna chiyani, panavuta pati. Webusaiti yotero sifanana ndi ya wina aliyense chifukwa yatengera ntchito yanu, ndipo zambiri mwa izi mukhoza kuchita mu WordPress momwemo pongochotsa ma block, zigawo za tsamba zija, omwe simukuwafuna. Kuchotsa kumathandiza kuposa kuwonjezera, zoona.

Taonani mawebusaiti omwe anthu amawazindikira akangowaona. Craigslist, webusaiti yolengezerapo malonda yomwe inayambira ku San Francisco mu 1995, ndi maulalo abuluu pa tsamba loyera ndipo yakhala choncho zaka zonsezi. GOV.UK, webusaiti ya boma la Britain yomwe inatsegulidwa mu 2012, ndi mawu akuda akuluakulu pa zoyera, palibe zokongoletsa, koma mu 2013 inapambana mphoto ya Design Museum ya ku London. Chomwe chimandisangalatsa ine ndi fonti yake, kutanthauza maonekedwe a zilembo zake, inachokera ku zilembo za pa zikwangwani za pamsewu za dzikolo zomwe Margaret Calvert anapanga nawo. Sanapite kukabwereka maonekedwe kwina, anatenga chinthu chomwe chinali chawo kale. Inunso muli nazo zanu, mwina chizindikiro chomwe mumadinda pansi pa mpando, mwina zojambula zanu za pensulo zomwe mumapanga musanadule thabwa, zijambuleni muziike. Ine nditaona chojambula cha pensulo chili pambali pa kabati yomalizidwa sindingaiwale.

Mafonti ndi mitundu ndinena mwachidule. Mafonti awiri akukwana, imodzi ya mitu ina ya mawu owerenga, olo imodzi yokha. Pa Google Fonts pali aulere ochuluka zedi nde palibe chifukwa chokakamira omwe anabwera ndi theme, ingoonetsetsani kuti ili ndi zilembo zonse za chilankhulo chomwe mukulemba. Pamutu mukhoza kulimba mtima, ikhale yaikulu, yokhala ndi khalidwe lake, koma mawu owerenga asachepere ma pixel 16 ndipo mzere usatalike kwambiri, zilembo zapakati pa 45 ndi 75 pamzere ndi zomwe maso amawerenga osatopa. Mtundu sankhani umodzi woti muzidziwika nawo, autengeni mu zithunzi zanu zomwe, enawo akhale ofatsa. Mawu otuwa pa zoyera aja amaoneka apamwamba pa kompyuta ya wopanga koma pafoni panja padzuwa sawerengeka, malangizo a WCAG, othandiza kuti webusaiti izigwiritsidwa ntchito ndi aliyense kuphatikizapo olumala, amati kusiyana kwa mawu ndi kumbuyo kwake kukhale 4.5 kwa 1 kapena kuposa, ndipo pali zida zaulere pa intaneti zoyezera. Kumbukiraninso kuti pali anthu ambiri, makamaka amuna, amene sasiyanitsa bwino zofiira ndi zobiriwira, nde uthenga wofunika usadalire mtundu wokha.

Ngati mukufunabe kanthu koyenda, kakhale kamodzi ndipo kakhale ndi ntchito. Kavidiyo kakafupi koonetsa dirowa ikutseguka mofewa, koti munthu adine yekha akafuna, kameneko kakugulitsirani kabati. Mawu otulukira kuchokera kumanzere ndi kumanja munthu akamatsika pansi sagulitsa kanthu, amangochedwetsa.

Zolemba ntchito munthu wa code, sindikuti n'zoipa ayi, wodziwa ntchito yake akhoza kukupangirani chinthu chabwino kwambiri. Koma mukapita kwa iye chimanjamanja, opanda mawu anu, opanda zithunzi zanu, nayenso adzatenga template, tsamba lokonzedwa kale, n'kudzaza, mudzalipira kuti mubwerere pomwe muli panopa. Konzani kaye mawu, zithunzi ndi pepala lija, muyese nokha mu theme yomwe muli nayo, pomwe yakukanikani ndi pomwe mumuitane ndipo mudzadziwa chenicheni chomuuza. Mukadzamulemba mugwirizane kuti domain ndi hosting, kutanthauza adiresi ya webusaiti ndi malo omwe imasungidwa, zikhale m'dzina lanu, ma password mukhale nawo inuyo, komanso muzitha kuika zithunzi zatsopano nokha osadikira iye.

Mukamaliza mupatseni foni munthu yemwe sanaionepo webusaitiyo, musamuuze kanthu, mungomupempha kuti apeze tebulo lodyera ndi njira yokuimbirani. Inu khalani chete muziona pomwe chala chake chikukayikira, pamenepo ndi pofunika kukonza. Likadutsa tsiku mumufunse kuti akukumbukira chiyani. Akati inali yokongola basi, ntchito ikadalipo. Akatchula tebulo lopanda misomali lija, siyani kusintha, yambani kujambula katundu wotsatira. Mukakonza nditumizireni ulalo pa imelo yomweyi ndidzaione pafoni yanga.