Silaidi zatuluka zoyera: vuto ndi antibody kapena ndi mbewa?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina amene akuchita kafukufuku wa digiri yachiwiri. Akufuna kudziwa ngati mankhwala amene akuyesa amachepetsa kugawikana kwa maselo m'matumbo a mbewa. Anagula antibody (puloteni yomamatira pa chinthu chimodzi chokha chomwe mukufuna kuchiona ndi utoto) wa Ki-67, puloteni yopezeka m'maselo ogawikana, wa mtundu wotchedwa MIB-1, wayesa katatu, koma silaidi (timagalasi toikapo mnofu pouona pa maikulosikopu) zonse zatuluka zoyera, palibe selo lomwe lagwira utoto. Funso lake ndi lakuti: "Ndisiye Ki-67 ndigule PCNA kapena BrdU?" Ziwirizi ndi zizindikiro zina zoonera maselo ogawikana.

Achemwali, musathamangire kugula china. Ndikukayikira kuti vuto lanu lili pa pepala lija limabwera m'bokosi limodzi ndi kabotolo, lomwe ambirife timaliponya m'diroo osaliwerenga. MIB-1 amazindikira puloteni ya Ki-67 ya munthu, ya mbewa saigwira. Ine ndinagwapo m'dzenje lomweli: masabata awiri ndikusintha madzi otsukira, ndikunamizira firiji, mpaka mkulu wina wa mu labu anangondifunsa kuti, "Kodi nyama yako ndi yanji?" Manyazi anandigwira. Pa mbewa funani antibody wolembedwa kuti amagwira mbewa, monga SP6, amene amapangidwa mwa kalulu. Pali phindu linanso pamenepa. MIB-1 amapangidwa mwa mbewa, ndiye antibody wachiwiri amene mumathira pamwamba pake kuti utoto uoneke amasakasaka chilichonse cha mbewa, n'kudetsa mnofu wonse ndi utoto wabodza.

Chachiwiri ndi kuphika. Ngati mnofu wanu munauviika mu formalin (mankhwala osungira mnofu kuti usawole) n'kuukwirira mu phula (lija timati paraffin, osati parafini wa m'nyali), malo amene antibody amagwirapo amakhala atatsekeka. Muyenera kuwiritsa silaidi m'madzi a mankhwala otchedwa citrate, a pH 6 (a asidi pang'ono), mu microwave kapena mu poto wa pulesha, kwa mphindi ngati 20, kenaka n'kuzisiya zizizire zokha. Antibody woyambirira wa Ki-67, amene Johannes Gerdes ndi anzake anamupeza mu 1983 ku Kiel, m'dziko la Germany, ankagwira pa mnofu woumitsidwa ndi chisanu basi. Dzinalo linachokera ku mzindawo ndi nambala 67 ya kabowo ka mbale komwe anamupeza. MIB-1 anatchuka cha m'ma 1992 chifukwa ankagwira pa mnofu wa mu phula, bola uwiritsidwe kaye.

Tsopano funso lanu lenileni. Ma antibody a Ki-67, BrdU ndi PCNA sayankha funso limodzi. Ki-67 amapezeka mu selo lililonse limene lili pa ulendo wogawikana, kuyambira gawo la G1, kudutsa S ndi G2 mpaka M, pomwe selo limang'ambika pawiri, ndipo amasowa mu selo lopuma, la G0. Ndiye akakuonetsani phata la selo lofiirira, sakunena kuti seloyo ikung'ambika pawiri panopa. Akungonena kuti ili m'njira. Mankhwala ena amaimitsa maselo pakati pa ulendo, ndipo maselo oimitsidwawo amagwirabe utoto wa Ki-67. Mutha kulemba kuti mankhwala sanagwire ntchito pomwe anagwira.

BrdU ndi wosiyana. Mumabaya mbewa idakali yamoyo, ndipo selo limene likukopera DNA yake panthawiyo limamutenga m'malo mwa thymidine, chimodzi mwa zomangira DNA. Kumeneko n'kugwira wakuba ali m'munda. Koma ngati mbewa zanu munapha kale osazibaya, njira imeneyi yakudutsani. Komanso kuti antibody afike pa BrdU muyenera kumasula DNA ndi asidi wa HCl, ndipo asidiyo amawononga zinthu zina zomwe mukadafuna kupaka pa silaidi yomweyo. N'chifukwa chake ambiri anasamukira ku EdU, wogwira ntchito ngati BrdU, amene anabwera mu 2008 ndipo safuna antibody konse.

PCNA sindimukonda, ndinene poyera. Puloteniyi imagwiranso ntchito yokonza DNA yowonongeka, ndipo imachedwa kutha selo likasiya kugawikana. Ngati mankhwala anu amavulaza DNA, PCNA adzakupatsani nambala zokongola koma zonenepa. Mukafuna kuwerenga maselo amene akugawikana pamaso panu, onjezani antibody wa puloteni yotchedwa phospho-histone H3, amene amaonekera kwambiri mu gawo la M. Adzakhala ochepa, musadabwe.

Mwayi wanu ndi wakuti matumbo amadzichitira okha umboni. Pansi pa timaenje ta khoma la matumbo maselo amagawikana mosalekeza, pomwe kunsonga kwa tizala totuluka pa khomalo amakhala atasiya. Silaidi ya mbewa yosamwa mankhwala iyenera kuonetsa mapata ofiirira atandandalika pansi, kumwamba kuli buluu, mtundu wa maselo osagwira Ki-67. Ikapanda kutero, musawerenge chilichonse, konzani kaye kapakidwe. Pakaninso silaidi imodzi popanda antibody woyamba, kuti muone utoto umene ukubwera wokha.

MIB-1 wanuyo musataye. Anzanu opima minofu ya anthu amamufuna tsiku ndi tsiku. Pa khansa ya Burkitt lymphoma, imene imagwira ana ambiri kuno ku Malawi, pafupifupi selo lililonse la chotupa limagwira Ki-67, ndipo zimenezi zimathandiza kuisiyanitsa ndi ma lymphoma ena. Musungeni mu firiji, osati mu firiza pokhapokha pepala lija litatero, ndipo mukapeza kachidutswa ka tonsil (kachiwalo ka pakhosi) ya munthu muyeseni pamenepo. Akagwira, mudzadziwa kuti manja anu anali bwino kuyambira tsiku loyamba.