Kukapikula katundu ku Zanzibar: dziko ndi limodzi, koma misonkho ndi iwiri

Achemwali, mwafunsa ngati kuli phindu kupitirira msika wa Kariakoo ku Dar es Salaam n'kuwolokera ku Zanzibar, popeza mwamva kuti katundu ndi wotchipa kumeneko. Wina ndi wotchipadi, koma musanasangalale mumvetse kaye momwe chilumbachi chimayendetsedwera, chifukwa ambiri amagwera pomwepo.

Zanzibar inagwirizana ndi Tanganyika pa 26 April 1964 n'kupanga Tanzania, koma inasunga boma lake. Ili ndi pulezidenti wake, nyumba yake ya malamulo yotchedwa Baraza la Wawakilishi, komanso bungwe lake lotolera misonkho, ZRA, kuwonjezera pa TRA ya dziko lonse. N'chifukwa chake mukatsika boti padoko la Malindi amakufunsani pasipoti ngati kuti mwalowa dziko lina, ngakhale munadinditsa kale pa Songwe. Musasiyenso khadi la katemera wa yellow fever. Kuyambira October 2024 boma la Zanzibar linakhazikitsa inshuwalansi yokakamiza kwa alendo, ndiye funsani mtengo wake musanagule tikiti.

Vuto lenileni lili pobwerera. Katundu wochokera kunja, monga mafoni, ma TV ndi nsalu za ku Dubai, akalowera ku Zanzibar n'kuwolokera ku Dar es Salaam, a TRA amamuwerengeranso mtengo, ndipo mumalipira kusiyana kwa msonkho. Mukafika pa Songwe a MRA akukudikirani ndi wawo. Phatikizani tikiti ya boti yopita ndi kubwera, yomwe mlendo amalipira zambiri kuposa mwini dziko, malo ogona, ndalama ya katundu m'boti ndi onyamula. Pa katoni imodzi kapena awiri, phindu lonse limathera m'njira. Ine ndinganene kuti wa mpamba wochepa angothera ku Kariakoo. Ndipo risiti muziitanitsa pa chinthu chilichonse, yolemba mtengo weniweni. Popanda risiti, ofisala amaika mtengo wake, inu mulibe potsutsira.

Boti lothamanga limatenga pafupifupi maola awiri kuchoka ku Dar kufika pachilumba cha Unguja, pomwe pali mzinda wa Zanzibar. Kuyambira June mpaka September mphepo ya kum'mwera yotchedwa kusi imavundula nyanja, wosazolowera amasanza njira yonse. Mvula yamphamvu imagwa March mpaka May, ndipo chinyezi chake chimayambitsa nkhungu pa nsapato zachikopa ndi zokometsera zakudya zosauma bwino.

Mzindawu uli pawiri. Kunyanja kuli Mji Mkongwe, kapena kuti Stone Town, komwe tinjira take n'topanikiza moti galimoto silowa. Katundu amayenda pa mkokoteni, ngolo yokankha ndi manja, ndipo muzigwirizana mtengo asanakweze. Mitengo ya m'mashopu akumeneko ndi ya azungu odzaona malo. Mukawoloka msewu wa Creek Road mwalowa Ng'ambo, komwe amagula eni mudzi. Msika wa Darajani uli pamsewu womwewo, ndipo mashopu a Mchangani ndi Mlandege ali ku mbali ya Ng'ambo. Kumeneko ndi komwe mungapeze madira (madiresi aatali), kanga, mabuibui (mikanjo yakuda ya amayi achisilamu), mafuta onunkhira, tende (dates), mdalasini (cinnamon), iliki (cardamom) ndi tsabola wakuda. Zokometserazo muzinunkhiza ndi kuthyola pang'ono: mdalasini wouma bwino amathyoka kuti thyo, wonyowa amangopindika.

Pa karafuu (cloves) samalani kwambiri. Wambiri amachokera kuchilumba cha Pemba, ndipo kugula kwa alimi n'kutumiza kunja kuli m'manja mwa kampani ya boma, ZSTC. Timapaketi ta pamsika si mlandu, koma thumba lathunthu lopanda chilolezo amalitenga ngati lozembetsa. Zomera zambiri zimafunanso chikalata cha a zaulimi polowa kuno kwathu.

Anthu ake pafupifupi onse ndi Asilamu. Lachisanu masana mashopu ambiri amatseka kupita ku mzikiti, ndipo m'mwezi wa Ramadhani musamadye kapena kumwa poyera dzuwa lisanalowe. Valani chovala chofika m'munsi mwa mawondo ndi chophimba mapewa, yambani ndi moni, kwa wamkulu munene "shikamoo", mtengo muufunse pambuyo. Chenjeraninso ndi nthawi ya Chiswahili, yomwe imayamba kuwerengedwa dzuwa likatuluka. Wogulitsa tikiti akati boti linyamuka "saa moja asubuhi", akunena 7 koloko m'mawa, osati 1 koloko.